Dzanja likayamba kunjenjemera: kusamala munthu yense pa matenda a Parkinson

Pa 19 Julayi 1996, anthu miyandamiyanda amene ankaonera mwambo wotsegulira masewero a Olimpiki mumzinda wa Atlanta, ku America, anaona Muhammad Ali atanyamula muuni, mkono wake wamanzere ukunjenjemera. Anali munthu yemwe uja amene anagwetsa George Foreman ku Kinshasa mu 1974, pa nkhonya imene akuluakulu ambiri a m'chigawo chino cha Africa amaikumbukirabe. Madokotala anamupeza ndi matenda a Parkinson mu 1984, ndipo anakhala nawo zaka 32 mpaka pamene anamwalira mu 2016.

Ali anali ndi mwayi wa zinthu zitatu: ankadziwa dzina la matenda ake, anali ndi madokotala, ndiponso sankasowa mankhwala. Odwala ambiri a kumidzi alibe ngakhale chimodzi mwa zitatuzi. M'boma la Hai, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, akatswiri anayenda khomo ndi khomo pakati pa anthu oposa 160,000, ndipo zotsatira za kafukufuku wawo zinatuluka mu 2008. Anapeza odwala 33, ndipo oposa atatu mwa anayi alionse anali asanauzidwepo kuchipatala chimene chinkawavuta. Dzanja la munthu wamkulu likayamba kunjenjemera, pamudzi ena amati ndi ukalamba, ena amati ndi kachasu, ndipo ena amanong'onezana za ufiti. Ku Uganda bungwe lina linachita kudzipatsa dzina loti Parkinson's Si Buko pofuna kuuza anthu kuti matendawa sabwera ndi ufiti.

Pamene chithandizo chasowa pamabwera amalonda. Mwa njira zimene zikutchuka masiku ano pali ina imene pa Chingerezi amaitcha functional medicine. Inayambira ku America, koma mauthenga ake, pamodzi ndi mabotolo a mavitamini amene amagulitsidwa m'dzina lake, amafika kulikonse kumene kuli foni ya m'manja. Banja limene lili ndi wodwala likhoza kugulitsa mbuzi kapena thumba la chimanga kuti ligule mabotolo otere. N'chifukwa chake alangizi ndi alimi ayenera kudziwa kupeta: zoona za njirayi ndi ziti, ndipo mankhusu ake ndi ati.

Kodi matendawa n'chiyani?

Amene anayamba kuwafotokoza bwino ndi James Parkinson, dokotala wa ku London, m'kabuku kamene analemba mu 1817 ataona anthu 6 okha. Ena mwa iwo anangowaona akuyenda mumsewu. Patapita zaka zoposa 50, Jean-Martin Charcot wa ku Paris ndiye anawatcha matendawa dzina la dokotala uja.

Pakatikati pa ubongo pali kagulu ka maselo amene amapanga timadzi totchedwa dopamine. Timadziti ndi timene timathandiza kuti thupi liyambe kuyenda msanga ndi mosadodoma munthu akafuna kudzuka, kutembenuka kapena kugwira khasu. Pa matenda a Parkinson maselo amenewa amafa pang'onopang'ono, ndipo zizindikiro zikamaonekera amakhala kuti pafupifupi theka la maselowo latha kale. Munthu amachita zinthu mochedwa, thupi limauma, dzanja limanjenjemera likangokhala osagwira ntchito, ndipo kawirikawiri vuto limayambira mbali imodzi. Mapazi amakhwekhwereza pansi, mkono umodzi umasiya kugwedera poyenda, nkhope imaoneka ngati ya munthu wokwiya pamene sanakwiye, mawu amatsika, ndipo zilembo zimachepa. Si odwala onse amene amanjenjemera, komanso si kunjenjemera konse kumene kuli Parkinson.

Pali zizindikiro zina zimene zimatha kutsogola kwa zaka zambiri: kudzimbidwa, kusamva fungo, kumenya kapena kufuula kutulo, ndiponso kukhumudwa kosatha. Matendawa sapatsirana. Amagwira kwambiri anthu opitirira zaka 60, ngakhale kuti ena amayamba asanafike 50, ndipo amuna amene amadwala ndi ochulukirapo kuposa akazi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati mu 2019 odwala anali oposa 8.5 miliyoni, ndipo chiwerengerocho chinali chitawirikiza kawiri pa zaka 25 zokha.

Kodi functional medicine imati chiyani?

Dzinali analitchukitsa ndi Jeffrey Bland, katswiri wa sayansi ya zakudya, amene mu 1991 anakhazikitsa bungwe la Institute for Functional Medicine ku America. Mu 2014 chipatala chotchuka cha Cleveland Clinic chinatsegula nthambi ya njira imeneyi. Mfundo yake ndi yakuti dokotala asamangoyang'ana chiwalo chimene chikudwala. Azifunsanso zimene munthu amadya, mmene amagonera, mmene m'mimba mwake mukuyendera, ntchito imene amagwira, poizoni amene wakhala akukhudzana naye ndiponso nkhawa zimene ali nazo.

Mafunso amenewa ndi abwino, ndipo pa matenda a Parkinson ndi ofunikadi, chifukwa matendawa amakhudza matumbo, tulo, maganizo ndi kuthamanga kwa magazi kuwonjezera pa manja ndi miyendo. Madokotala a ubongo amene amagwira ntchito limodzi ndi anamwino, akatswiri a mafupa ndi minofu ndiponso alangizi a zakudya amafunsanso zomwezi.

Vuto limayamba pa mayankho. Ambiri amene amagwiritsa ntchito dzinali amayeza magazi, tsitsi ndi chimbudzi pa mitengo yokwera, kenaka n'kulembera wodwala mndandanda wa mavitamini ndi mankhwala oti "otsuka m'thupi", amene nthawi zina amagulitsa okha. Mu 2014 bungwe la madokotala ku America la American Academy of Family Physicians linasiya kuvomereza maphunziro a njirayi ponena kuti umboni wake unali wosakwanira, ngakhale kuti mu 2018 linafewetsako lamulolo. Mpaka lero palibe chakudya, vitamini kapena chitsamba chimene chatsimikizika kuti chimachiza Parkinson kapena kuimitsa kufa kwa maselo aja.

Zimene zinayesedwa n'kulephera

Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zinthu zitatu zimene zimagulitsidwa kwambiri kwa odwala Parkinson zinayesedwa kale mosamala, pa anthu ambiri, poyerekeza ndi mapiritsi opanda mankhwala alionse. Vitamini E anayesedwa pa odwala 800 ku America ndi ku Canada, ndipo zotsatira za mu 1993 zinaonetsa kuti sanachedwetse matenda. Coenzyme Q10 anayesedwa pa odwala 600, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa panjira zitaoneka kuti palibe phindu. Lipoti lake linatuluka mu 2014. Creatine anayesedwa pa odwala 1,741, ndipo mu 2015 yankho linali lomwelo.

Zonse zitatuzi zinkaoneka zothandiza poziyesa pa nyama kapena pa anthu ochepa, ndipo maganizo amene anali kumbuyo kwake anali omveka. Koma maganizo omveka sali umboni. Banja limene likusankha pakati pa botolo la mavitamini ndi ulendo wa kuchipatala cha boma liyenera kuuzidwa zimenezi mosabisa.

Levodopa ndiye mzati

Mu 1957 Arvid Carlsson wa ku Sweden anaonetsa kuti mankhwala otchedwa levodopa amadzutsa nyama zimene zinali zitauma thupi, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2000. Mu 1967 George Cotzias wa ku New York anapeza kaperekedwe kake koyenera kwa anthu. Levodopa akafika mu ubongo amasanduka dopamine. Amaphatikizidwa ndi carbidopa kapena benserazide kuti asawonongeke asanafike ku ubongo komanso kuti asachititse nseru kwambiri. Sachiza matenda, koma munthu amene ankalephera kudzuka pamphasa amatha kuyambanso kusamba, kudya ndi kuyenda yekha. Ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo, ngakhale kuti m'zipatala zambiri za mu Africa amasowasowa, ndipo m'mafamase mtengo wake umaposa thumba la mlimi wamba.

Pali mphekesera yakuti munthu akayamba msanga levodopa, mankhwalawo amatha mphamvu, choncho ndi bwino kuyamba ndi zitsamba. Kafukufuku wa ku Ghana amene anatuluka mu 2014 anayerekeza odwala a kumeneko, amene ankayamba mankhwala mochedwa kwambiri, ndi odwala a ku Italy amene ankayamba msanga. Zovuta monga kugwedezeka kwa thupi kosafuna zinkabwera molingana ndi zaka zimene munthu wadwala ndi kuchuluka kwa mankhwala amene akumwa pa tsiku, osati molingana ndi nthawi imene anayambira kumwa. Ku Netherlands, kafukufuku wa odwala 445 wa mu 2019 anapezanso kuti kuyamba msanga sikufulumizitsa matenda. Kuchedwa kumangomulanda munthu zaka zimene akanakhala akudzithandiza.

Wodwala amene wayamba levodopa asasiye mwadzidzidzi, pakuti kutero kungaumitse thupi lonse, kutenthetsa thupi kwambiri, ngakhale kupha. Aliyense womuuza kuti ataye mapiritsi kuti ayambe njira ina akuika moyo wake pachiswe.

Kulimbitsa thupi: mankhwala osalipira

Mwa zonse zimene functional medicine imalimbikitsa, masewero olimbitsa thupi ndiwo ali ndi umboni wolimba. Mu 2012 kafukufuku wa odwala 195 ku America anaonetsa kuti amene ankachita masewero a ku China otchedwa tai chi kawiri pa sabata kwa masabata 24 ankaima bwino ndipo ankagwa kawirikawiri mocheperapo. Mu 2019 ku Netherlands odwala 130 anagawidwa pawiri. Amene ankapalasa njinga yoima m'nyumba kwa mphindi 30 mpaka 45, katatu pa sabata, kwa miyezi 6, zizindikiro zawo sizinakule ngati za anzawo amene ankangodziwongola.

Pamudzi sipafunika makina. Kuyenda ndawala mpaka mpweya kukwera, kupalasa njinga pamalo osetereka bwino ngati munthu akadali wokhoza, kuvina, kudzuka ndi kukhala pampando maulendo khumi, kutambasula manja ndi kuwongola msana, zonsezi zimawerengedwa. Mlingo umene akatswiri amalangiza ndi maola awiri ndi theka pa sabata. Kulima kumathandiza, koma kumamusiya munthu ali wowerama nthawi yaitali, pamene matendawa amapinda kale msana. Choncho mlimi wodwala ayenera kuwonjezerapo masewero owongola thupi ndi oponya mwendo patali.

Nthawi zina mapazi a wodwala amachita ngati amamatira pansi, makamaka pakhomo kapena potembenuka. Kumukoka kumangomugwetsa. Chimene chimathandiza ndi kumuwerengera "wani, thu, wani, thu", kumuombera m'manja, kumuimbira nyimbo ya kayendedwe, kapena kujambula mizere pansi kuti aziidumpha. Njira yoyendera kugunda kwa kamakina kakang'ono inayesedwa ku Hai komwe kuja pa odwala amene anali asanalandire mankhwala, ndipo lipoti la mu 2010 linaonetsa kuti kayendedwe kawo kanasintha. M'midzi mmene ng'oma ndi nyimbo zili paliponse, chithandizo chimenechi chili pafupi.

Achibale ambiri, chifukwa cha chifundo, amamukhazika wodwala pakhonde n'kumamuchitira chilichonse. Chifundo chotere chimafulumizitsa kuuma kwa thupi. Ntchito zoopsa monga kukwera padenga, kuphika yekha pamoto kapena kupita yekha kumtsinje ndizo ayenera kusiya. Kutongola chimanga, kusenda mtedza, kuthirira mbewu ndi kupita kumsonkhano apitirize, ngakhale azichita mochedwa.

M'mimba ndi chakudya

Pa nkhani ya matumbo, a functional medicine ali ndi mfundo. Kafukufuku wa amuna pafupifupi 6,800 ku Hawaii anaonetsa mu 2001 kuti amene sankapita kuchimbudzi tsiku lililonse anali pa chiopsezo choposa kawiri chodzadwala Parkinson poyerekeza ndi amene ankapita kamodzi pa tsiku. Mu 2003 Heiko Braak wa ku Germany anapereka ganizo lakuti mwa anthu ena matendawa amayambira m'matumbo kapena m'mphuno asanafike ku ubongo, ndipo akatswiri akulifufuzabe. Komabe zimenezi sizikutanthauza kuti mankhwala otsegula m'mimba kapena zakumwa "zotsuka matumbo" zingachize matendawa.

Chimene chili chodziwika ndi chakuti levodopa amalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono. M'mimba mukamayenda mochedwa, mankhwala nawonso amachedwa kugwira ntchito. Wodwala ayenera kumwa madzi makapu 6 mpaka 8 pa tsiku, kudya nsima ya mgaiwa m'malo mwa ya ufa woyera, ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi therere, ndiponso zipatso monga mapapaya, magwafa ndi mango. Zonsezi zimapezeka kudimba ndi pakhomo.

Zakudya zomanga thupi monga nyemba, nandolo, usipa, mazira, nyama ndi mkaka zimapikisana ndi levodopa panjira yolowera m'magazi ndi mu ubongo. Odwala ena amaona kuti akamwa piritsi pamodzi ndi chakudya chotere siligwira bwino ntchito. Malangizo ndi akuti amwe mankhwala mphindi 30 asanadye, kapena patapita ola limodzi atadya. Akamachita nseru akhoza kumwera kachidutswa ka mbatata, chinangwa kapena nthochi. Asasiye zakudya zomanga thupi, chifukwa odwala Parkinson amaonda msanga. Ngati n'kofunika, zochuluka azidya madzulo. Mapiritsi owonjezera magazi a ayironi amatsekerezanso levodopa, choncho pakati pa awiriwa pazidutsa maola awiri. Amene wamwa levodopa kwa zaka zambiri akhoza kuchepekedwa vitamini B12, ndipo miyendo ikamachita dzanzi ndi bwino kukauza achipatala. Apa vitamini ali ndi ntchito, chifukwa akubwezeretsa chimene chasowadi.

Matendawa akakula, kumeza kumavuta, ndipo chakudya chikalowera kumapapo chimayambitsa chibayo, chimene chimapha odwala ambiri. Wodwala azidya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo phala lolimbirako limamezeka bwino kuposa madzimadzi. Podzuka azikhala kaye m'mphepete mwa bedi kapena pamphasa, chifukwa magazi amatha kutsika mwadzidzidzi n'kumugwetsa ndi chizungulire.

Mankhwala a kumunda

Gawo limene likukhudza mlimi aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe, ndi la poizoni. Mu 1982 ku California, achinyamata angapo amene anadzibaya mankhwala osokoneza bongo osakanikirana ndi poizoni wotchedwa MPTP anauma thupi m'masiku ochepa ngati okalamba odwala Parkinson. Dokotala William Langston ndi anzake anapeza kuti poizoniyo amapha maselo a dopamine, ndipo zinadziwika kuti akalowa m'thupi amasanduka chinthu chofanana kapangidwe ndi paraquat, mankhwala ophera udzu. Mu 2011 kafukufuku wa alimi a ku Iowa ndi North Carolina anapeza kuti amene anagwiritsapo ntchito paraquat kapena rotenone ankadwala Parkinson pafupifupi kawiri ndi theka kuposa anzawo. Lipoti lina la alimi omwewo la mu 2015 linaonetsa kuti chiopsezo cha paraquat chinali chochepa mwa amene ankavala magolovesi nthawi zambiri.

Makampani opanga paraquat amatsutsa kuti mankhwala awo amayambitsa matendawa, ndipo n'zoona kuti ambiri amene anapoperapo sadwala, chifukwa ukalamba ndi chibadwa zilinso ndi mbali yake. Mu 2023 akatswiri a ku Nigeria ndi anzawo a maiko ena anapeza kusintha kwina kwa chibadwa, pa jini yotchedwa GBA1, kumene kumawonjezera chiopsezo mwa anthu ochokera kumadzulo kwa Africa. Komabe maiko ambiri sanadikire kuti mtsutso uthe. Maiko a mu European Union analetsa paraquat mu 2007, dziko la Mozambique linamuchotsa pa mndandanda wa mankhwala ololedwa mu 2014, ndipo dziko la France mu 2012 linavomereza Parkinson kukhala matenda obwera ndi ntchito mwa alimi amene agwira mankhwala ophera tizilombo kwa zaka zambiri.

Rotenone sachokera kufakitale kokha. Ali m'gulu la poizoni amene amapezeka mu ombwe, umene ena amati mthuthu, chitsamba chimene alimi amabzala kuti chibwezeretse chonde komanso amasinja masamba ake kuti aphere tizilombo. Palibe chifukwa chozulira ombwe m'munda, koma wosinja ndi wopopera madzi ake ayenera kudziteteza ngati mmene angachitire ndi mankhwala a m'sitolo. Kumera m'munda sikupangitsa chinthu kukhala chopanda poizoni.

Mlimi aziwerenga dzina la mankhwala pachigubu ndipo azikana ogulitsidwa m'mabotolo opanda chizindikiro. Popopera azivala magolovesi, majombo, malaya a manja aatali ndi chotseka pakamwa ndi mphuno. Asapopere moyang'anizana ndi mphepo, asauzire ndi pakamwa pampu ikatsekeka, ndipo asasenze pampu yodontha pamsana. Akamaliza asambe ndi sopo, zovala zichapidwe padera, pampu isatsukidwire pachitsime kapena pamjigo, ndipo chigubu cha mankhwala chisasandutsidwe chotungira madzi kapena chosungira mchere.

Nanga kalongonda?

M'mabotolo ambiri amene amagulitsidwa kwa odwala Parkinson mumalembedwa dzina lakuti Mucuna pruriens. Alimi a kummwera kwa Malawi amaidziwa bwino mbewu imeneyi: ndi kalongonda, m'bale wake wa chitedze. Njere zake zili ndi levodopa weniweni, pafupifupi magawo 4 mpaka 6 pa 100 alionse a kulemera kwake, ndipo akatswiri a ku India anazindikira zimenezi mu 1937. Ichi n'chifukwa chake amayi amaphika kalongonda maola ambiri n'kumataya madzi ake. Mu 1989, pa nthawi ya chilala ku Mozambique, anthu oposa 200 anasokonezeka mutu atadya nyemba zimenezi zosakonzedwa bwino, madzi ophikira atasowa.

Madokotala a ku Italy, poganizira odwala a m'maiko osauka, anayesa ufa wa njere zokazinga ku Bolivia. Mu 2017 anapeza kuti pa odwala 18, mlingo umodzi wa ufawo unagwira ntchito mofanana ndi piritsi. Koma atapatsa odwala 14 kuti azimwa tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, theka anasiya chifukwa cha kuvutika m'mimba kapena chifukwa choti mphamvu yake inkatha msanga. Popeza mu kalongonda mulibe carbidopa, pamafunika levodopa wochuluka katatu kapena kasanu kuti afike ku ubongo, ndipo mphamvu ya njere imasiyana malinga ndi mtundu ndi dera. Za m'mabotolo nazo n'zosadalirika: mu 2022 akatswiri a ku America atayeza mitundu 16 anapeza kuti levodopa wa pa mlingo umodzi ankayambira mamiligalamu 2 mpaka 241.

Kalongonda angadzathandize kumene mapiritsi sapezeka, ndipo kafukufuku wake ndi woyenera kumulimbikitsa. Koma ndi mankhwala amphamvu, ofunika sikelo ndi dokotala woyang'anira. Wodwala amene angamawonjezere yekha ufa wa kalongonda pamwamba pa mapiritsi akhoza kusanza, kugwa ndi chizungulire, kuona zinthu zimene palibe kapena kusokonezeka mutu. Safunsa anadya phula.

Zimene alangizi angachite

Mlangizi wa zaumoyo, mlangizi wa zaulimi kapena wodzipereka wosamalira odwala kumudzi sangapime matendawa, koma akhoza kuwazindikira ndi kutumiza munthu kuchipatala. Potumiza alembe zimene waona: mbali imene inayamba, nthawi imene papita, ntchito imene munthuyo wakhala akugwira, ndi mankhwala onse amene akumwa, a zitsamba omwe. Mfundo yotsirizayi ndi yofunika, chifukwa mankhwala ena monga haloperidol ndi chlorpromazine a matenda a maganizo, ndiponso metoclopramide woletsa kusanza, amabweretsa zizindikiro zofanana ndi Parkinson ndipo amawonjezera vuto mwa amene akudwala kale. Wosintha mankhwala otere akhale wachipatala.

Wodwala akayamba levodopa, banja lithandizidwe kusunga nthawi ya mapiritsi, pogwiritsa ntchito belu la pafoni kapena ndandanda ya pakhoma, ndi kukatenga ena akale asanathe. Odwala osalembedwa m'kaundula sawerengedwa, ndipo chipatala sichiitanitsa mankhwala a matenda amene sichikuwaona m'mabuku ake. Makomiti a zaumoyo a m'midzi ali ndi mphamvu yofunsa akuluakulu a boma chifukwa chimene mankhwala a pa mndandanda wa WHO sakupezekera. Makalabu a alimi akhoza kugula zovala zodzitetezera mogwirizana n'kumabwerekana.

Tulo ndi maganizo zisaiwalike. Kukhumudwa ndi mbali ya matendawa ndipo kuli ndi chithandizo. Wosamalira wodwala, amene kawirikawiri amakhala mkazi wake kapena mwana wake wamkazi, amatopa ndipo amafuna womupumuza. Mutu umodzi susenza denga. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti akanena poyera kuti kunjenjemera kumeneku ndi matenda a ubongo, osapatsirana ndiponso osachokera kwa munthu, amateteza wodwala ku tsankho komanso amateteza agogo ena osalakwa amene akanalozedwa chala.

Chaka chilichonse pa 11 Epulo, tsiku limene James Parkinson anabadwa mu 1755, dziko lonse limakumbukira matendawa. Dokotala uja anayamba ndi kuyang'anitsitsa mmene anthu ankayendera mumsewu, ndipo mlangizi wa kumudzi akhoza kuyambira pomwepo. Funso la functional medicine, lofuna kudziwa za moyo wonse wa wodwala, ndi loyenera kulifunsa pakhomo lililonse pamene pali dzanja lonjenjemera. Mayankho amene ali ndi umboni ndi piritsi la levodopa lomwedwa pa nthawi yake, kuyenda ndi kuvina, madzi ndi ndiwo zamasamba, magolovesi popopera, ndi anthu omuzungulira wodwala. Ngati mbuzi iyenera kugulitsidwa, ndalama yake ipite ku ulendo wa kuchipatala ndi ku mankhwala amene anayesedwa n'kupezeka kuti amathandiza.